Kudya m'malesitilanti ndi pa chiwaya muli pa ulendo: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene amayenda kawirikawiri m'misewu ya dziko lino, kaya pa ntchito, pa geni, ku maliro kapena ku ukwati, amadziwa kuti njala ya pa ulendo siyembekeza kuti munthu akafike kwawo. Makolo athu ankanyamula kamba wa mbatata yophika, chinangwa kapena chigumu, ndi thobwa m'chipanda, koma ambiri a ife masiku ano timanyamuka chimanjamanja n'kumadalira amayi ndi anyamata amene amaphika m'mbali mwa msewu. Ine ndadya m'malo oterewa kwa zaka zambiri, pa msewu wa M1 ndi pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo ndimawalemekeza chifukwa ndi amene amadyetsa dziko likamayenda. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale ndi anzanga amandifunsa akamakonzekera ulendo wopita kumalo kumene sanafikeko.

Ndafika pamalo pachilendo ndipo njala yandigwira. Ndingadziwe bwanji malo abwino odyera?

Musayambe mwayang'ana chikwangwani kapena penti ya pakhoma, chifukwa pali nyumba zokongola kunja zimene kukhitchini kwake simungafune kukuona, ndipo pali zisakasa zaudzu zimene mayi wake amakwecha mapoto mpaka kuwala. Yambani mwayang'ana anthu amene akudya. Mukaona aphunzitsi, anamwino, apolisi a pa rodibuloko, akabaza ndi madalaivala a mathiraki akulowa pakhomo limodzi nthawi ya nkhomaliro, dziwani kuti anthu amenewa amadya pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo akanakhala kuti anadwalapo akanasiya kale. Ubwino wina wa malo odzaza anthu ndi wakuti ndiwo zimatha tsiku lomwelo, kotero kuti sipakhala mpata wosunga nyama ya dzulo kuti itenthetsedwe lero.

Kenako funsani, pakuti safunsa anadya phula. Koma funsani munthu woyenera. Kondakitala kapena dalaivala wa basi nthawi zina amaimika pamalo pamene iye amadya ulere chifukwa chobweretsa makasitomala, ndiye malangizo ake sakhala opanda mbali. Wogulitsa mafuta pa filing'i siteshoni, mlonda wa pa resitihausi kapena mayi wogulitsa tomato mumsika alibe chimene apindule, ndipo mukawafunsa mwaulemu kuti, “Pepani mayi, kodi inu mukafuna nsima yabwino mumapita pati?” amakulozerani pakhomo penipeni, mwinanso n'kukutumirani mwana kuti akuperekezeni.

Mukalowa, musathamangire kukhala pansi. Onani ngati pali ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, ngati ndiwo zili zovundikira, ngati matebulo akupukutidwa ndi kansalu koyera osati chisanza chimene chapukuta chilichonse kuyambira m'mawa, ndiponso ngati madzi otsukira mbale akusinthidwa. Chimbudzi chimanena zambiri za mwini malo kuposa mndandanda wa zakudya wolembedwa pakhoma. Palibe cholakwika kupempha kuti muone ndiwo musanaitanitse, ndipo wophika amene amanyadira ntchito yake amavundukula yekha mapoto n'kukuonetsani mosangalala.

Kodi nthawi imene ndikudya ili ndi kanthu?

Ili ndi kanthu kwambiri, mwina kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano. Malesitilanti ambiri a m'matauni aang'ono amaphika ndiwo kamodzi, chakum'mawa, ndipo zimapsa cha m'ma 11 koloko. Kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko masana zonse zimakhala zotentha, nsima ikuphikidwa mphika ndi mphika, ndipo muli ndi mwayi wosankha pakati pa nkhuku ya lokolo, nyama ya mbuzi, nsomba, nyemba ndi masamba. Ikamakwana 4 koloko mumapeza zotsalira zokha, zimene zakhala pa kutentha kwa dzuwa maola angapo m'mapoto amene moto unazima kale, ndipo m'chakudya chofunda chotere ndi mmene tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga.

Chotero konzani ulendo wanu moganizira nkhomaliro. Kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ndipo amene wanyamuka chakum'mawa amafika pa Ntcheu kapena pa Dedza nthawi yabwino yodyera. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndi kotalikirapo, ndipo Kasungu ndi Jenda ndi malo amene ambiri amapumulirapo. Ngati mwachedwa ndithu, ndi bwino kuitanitsa chinthu chimene achiphike inu mukuona, monga mazira okazinga ndi nsima yatsopano, ngakhale zitenge mphindi 20, kusiyana ndi kulandira nyama yozizira imene angoithira msuzi wotentha pamwamba.

Ndimamva za chiimirire, memo, tiyirumu ndi chiwaya. Zimasiyana bwanji ndi lesitilanti?

Lesitilanti ndi nyumba yokhala ndi matebulo ndi mipando, kumene mumaitanitsa mbale yanu ya nsima, mpunga kapena tchipisi. Chiimirire, monga dzinalo likunenera, ndi malo amene anthu amadya ali chilili kapena atakhala pa benchi, kawirikawiri pafupi ndi msika kapena depoti, ndipo mtengo wake umakhala wotsika. Memo inayamba ngati kusonkherana kwa anthu ogwira ntchito limodzi kuti wina aziwaphikira nkhomaliro, ndipo dzinali limatchulidwanso pa malo amene amayi amaphikira anthu apantchito masana okha. Tiyirumu ndi ya m'mawa, ya tiyi wa mkaka wa m'kapu yaikulu ndi sikono, buledi kapena mandasi, ndipo m'midzi yambiri ndi malo oyamba kutsegula. Chiwaya ndi chitsulo chophwatalala chokhala ndi dzenje la mafuta pakati, chimene anyamata amakazingirapo tchipisi, nyama, nthumbwana ndi chinangwa.

Ndi zakudya ziti zimene sindiyenera kuphonya m'madera osiyanasiyana?

Funso ili ndimalikonda, chifukwa zimandimvetsa chisoni kuona munthu atayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukafika ku Karonga n'kukaitanitsa tchipisi ndi soseji zimene akanadya pakhomo pake. Ku Karonga idyani mpunga wa Kilombero, umene fungo lake limakupezani musanalowe m'nyumba, ndipo mufunsenso mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama, zimene Angonde amazidziwa kuphika kuposa wina aliyense. Ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota nsima yeniyeni ndi ya kondowole, ya ufa wa chinangwa chimene chinaviikidwa m'madzi masiku angapo kenako n'kuyanikidwa ndi kusinjidwa. Imanyulumuka ndipo imamata m'manja, kotero kuti mlendo amavutika nayo poyamba, koma mukaidya ndi usipa wofutsa, batala kapena chigwada chotendera mumamvetsa chifukwa chake anthu a kunyanja akakhala mumzinda amaisowa. Mbamu yake muziitema yaing'ono ndipo muziiviika bwino mumsuzi. Ndikuchenjezeni kuti imakhala m'mimba nthawi yaitali, ndiye ngati mukuyendetsa galimoto masana musadye mitanda yambiri, chifukwa tulo timabwera.

Ku Mangochi, ku Monkey Bay ndi ku Salima ndi kwa chambo, kampango ndi mcheni. Ku Zomba ndi ku Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, matemba okazinga ndi tomato ndi anyezi pa nsima ya mgaiwa ndi chakudya chimene sichifuna kuwonjezera kanthu. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene kumazizira, ndi kwa mbatata ya kachewere, ndipo tchipisi cha kumeneko chimakoma chifukwa mbatatayo siyenda ulendo wautali kuchokera kumunda. Pa Lizulu, pamene msewu umadutsa m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, ndi pa mphambano ya ku Tsangano, mabasi amaima kuti anthu agule kabichi, karoti, nyemba ndi mbatata zopita nazo kunyumba, ndipo Jenda amagwira ntchito yomweyo kwa opita kumpoto. M'chigawo chapakati nkhwani wotendera ndi nsinjiro za mtedza wa ku Kasungu kapena ku Mchinji ndi ndiwo imene malesitilanti ambiri amangoiika pambali ngati yoperekeza nyama, pamene kwa ine ndiyo imayenera kukhala pakati pa mbale.

M'mizinda, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, mupeza mang'ina, ziboda za ng'ombe zimene zawira kuyambira usiku mpaka kufewa, ndiponso kanyenya wowotcha pa makala wodyera tsabola wa kambuzi. Tsabola ameneyu ndi waukali kuposa mmene amaonekera, ndiye muyambe mwalawa pang'ono.

Ndikaitanitsa chambo, ndingatsimikize bwanji kuti ndi chabwino?

Choyamba dziwani kuti chambo chachepa m'nyanja poyerekeza ndi kale, ndipo n'chifukwa chake chimadula ngakhale muli pagombe penipeni. Zimene zimagulitsidwa ndi dzina la chambo m'malo ena ndi makumba kapena nsomba zoweta m'madamu, zimene si zoipa ayi, koma siziyenera kugulidwa pa mtengo wa chambo cha m'nyanja. Chakumapeto kwa chaka, kuyambira mu Novembala, boma limatseka usodzi wa makoka ena pofuna kuti nsomba ziswane, ndipo munthu wokonda nyanja yathu sayenera kugula tiana ta chambo m'nyengo imeneyi kapena ina iliyonse.

Ngati n'kotheka, sankhani nsomba isanaphikidwe. Maso ake akhale owala ndi otukuka, osati olowa m'kati ndi otuwa. Mukatsegula m'mbali mwa mutu, momwe nsomba imapumira, mukhale mofiira. Mukadina ndi chala pamsana, mnofu ubwerere m'malo mwake osasiya dzenje. Nsomba yokazingakazinga mpaka kuuma gwaa nthawi zina imakhala kuti ikubisa kuti yagona, ndiye muinunkhize musanayambe kudya. Amene mumagula chambo chachiwisi pa msewu n'kuchimangirira pa galasi la m'mbali mwa galimoto kuti mphepo izichiomba, kumbukirani kuti njira imeneyi imathandiza pa ulendo waufupi wokha, ndipo pa kutentha kwa mu Okutobala bokosi la ayezi ndilo lodalirika.

Kodi tchipisi ndi nyama za pa chiwaya n'zosaopsa?

Chiwaya chili ndi ubwino umodzi waukulu umene lesitilanti ilibe, wakuti khitchini yonse ili pamaso panu. Mafuta owira amapha tizilombo, ndipo tchipisi chimene chatuluka m'mafuta inu mukuona n'chodalirika kuposa zakudya zambiri za m'nyumba zotsekedwa. Vuto limakhala m'zinthu zitatu. Loyamba ndi tchipisi ndi nyama zimene zaunjikidwa m'mphepete mwa chiwaya kuyambira m'mawa, fumbi ndi ntchentche zikuterapo, ndiye muuzeni mnyamatayo kuti, “Achimwene, tabwezeraniko m'mafutamo chitenthe bwinobwino,” ndipo mudikire mpaka muone chikuwira. Lachiwiri ndi mafuta amene akazingidwira masiku ambiri mpaka kuda bii ndi kuchita thovu, amene amawawa pakhosi ndipo si abwino m'thupi. Lachitatu, limene ambiri saliganizira, ndi saladi ya kabichi ndi tomato imene amaika pamwamba. Imeneyi siipita pamoto, imadulidwa ndi mpeni umene mwina wadula nyama yaiwisi, ndipo simukudziwa madzi amene anatsukira. M'nyengo ya mvula ine ndimaikana ndithu, ngakhale ndimadziwa kuti tchipisi chopanda saladi chimaoneka chamasiye.

Pa nyama, funsani kuti ndi ya chiyani ndipo yaphedwa liti. M'misika yambiri mbuzi imaphedwa m'mawa ndipo mwendo wake umapachikidwa pomwepo kuti aliyense aone, chimene ndi chizindikiro chabwino. Nyama ya nkhumba ipse mpaka m'kati, isatsale yofiira ngakhale pang'ono, chifukwa yosapsa imafalitsa njoka za m'mimba. Ndibwinonso kudyera m'mbale kapena kunyamula kontena yanu kusiyana ndi kuthiridwa chakudya chamoto m'kajumbo kopyapyala, kamene malamulo a dziko lino a 2015 analetsa kale ngakhale kakuonekabe m'misika.

Nanga zogula pa zenera la basi?

Basi ikangoima pa Zalewa, pa Balaka kapena pa Salima, mabeseni amakwezedwa m'mazenera ndipo mumakhala ndi mphindi ziwiri zokha zosankha. Lamulo langa ndi losavuta. Chimene chili ndi khungu lake, monga nthochi, malalanje, mananchesi, mtedza wosasenda ndi chimanga chophika chosasenda makoko, gulani mosaopa. Chimanga chowotcha chimene chachoka pamoto pomwepo ndi chabwinonso. Mazira owiritsa ndi abwino ngati chikamba chake sichinasweke, koma mukaswa n'kumva kafungo musaumirire chifukwa cha ndalama imene mwalipira. Samusa, soseji ndi zidutswa za nkhuku zimene zayenda m'beseni padzuwa kuchokera basi ina kupita basi ina ndi zimene zadwalitsa anthu ambiri amene ndimawadziwa. Mafilizesi ndi thobwa la m'mabotolo otoleza zimadalira madzi ndi ukhondo wa amene anakonza, ndipo inu simunamuone.

Mbewa ndi nkhani ina. Zimapezeka kwambiri anthu akakolola, m'miyezi yozizira, ndipo anyamata amaziimika zopanidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima ndi m'madera a Ntcheu ndi Balaka. Kwa amene tinakula tikudya kapuku palibe chachilendo, koma sankhani zouma bwino ndi zosanunkha, ndipo ndi bwino kukaziwiritsanso kunyumba kusiyana ndi kudyera m'basi, poganiziranso anzanu amene mwakhala nawo pampando amene mwina sadya.

Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono basi isanaime. Kupereka K5,000 pa zenera pogula nthochi ndi kudziputira mavuto, chifukwa dalaivala sadikira tchenje, ndipo nthawi zambiri wolakwa sakhala wogulitsayo, amene mumamuona akuthamangira basi ndalama zanu zili m'manja.

Ndimaopa kolera. Ndidziteteze bwanji popanda kusiya kudya?

Mantha amenewa ndi oyenera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 m'boma la Machinga unafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo anthu opitirira 58,000 anadwala pamene opitirira 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa, ndipo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo imakula m'nyengo ya mvula pamene zimbudzi zimasefukira ndi kulowa m'zitsime.

Chitetezo chachikulu chili m'manja mwanu momwemo, popeza nsima timadya ndi manja. Mwambo wakale wosambira m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka mwana, unali waulemu koma umapatsirana matenda, chifukwa womaliza amasamba m'litsiro la onse. Pemphani kuti akuthirireni madzi ndi jagi, kapena sambani pa ndowa ya mpopi, ndi sopo, ndipo musapukute ndi thaulo limene lapachikidwa pakhomo kuti aliyense agwiritse ntchito. Kachidutswa ka sopo m'chikwama sikalemera. Madzi akumwa nyamulani anu, owiritsa kapena othira mankhwala monga WaterGuard, ndipo mukagula a m'botolo onetsetsani kuti chitsekerero chake sichinatsegulidwepo. Madzi a m'jagi ya patebulo ndi ayezi wa m'zakumwa muzipewe ngati simukudziwa kumene achokera. Tiyi wowira ndi chakumwa chodalirika kulikonse.

Boma likalengeza kuti kudera lina kwabuka kolera, musachite manyazi kubwerera ku nzeru za makolo zonyamula kamba wochokera kunyumba, pakuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Kodi mtengo ndifunse liti, ndipo ndingalipire bwanji?

Funsani musanadye, ndipo funsani za mbale yonse. Sindilemba mitengo pano chifukwa kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ufa, mafuta ophikira ndi makala yakhala ikusintha, kotero kuti zolembedwa pakhoma nthawi zina zimakhala za miyezi yapitayo. Mtengo umatsatira ndiwo osati nsima, ndipo nkhuku ya lokolo ndi chambo zimakhala pamwamba pamene nyemba, mazira ndi usipa zimakhala pansi. Funsaninso ngati mtanda wowonjezera ndi wolipira, chifukwa malo ena amaupereka ulere ndipo ena ayi.

Malo ambiri tsopano amalandira Airtel Money ndi TNM Mpamba, koma netiweki imatha kusowa nthawi yomwe mwamaliza kudya, ndipo ena amapempha kuti muwonjezere yotapira. Khalani ndi ndalama ya m'manja yokwanira mbale imodzi kapena ziwiri. Makadi a kubanki amagwira ntchito m'malesitilanti akuluakulu a m'mizinda ndi m'malo ogona alendo a kunyanja basi. Kunenerera mtengo wa chakudya chophika si khalidwe labwino, chifukwa phindu la mayi wophika nsima ndi lochepa kwambiri mukachotsa makala, madzi, msonkho wa pamsika ndi malipiro a mtsikana womuthandiza. Kusiya kangachepe kothokoza si lamulo m'malo ang'onoang'ono, koma ngati mtsikanayo wakutumikirani bwino, kumusiyira tchenje m'manja mwake ndi chinthu chimene sadzaiwala.

Pali zakudya zimene sindidya chifukwa cha chipembedzo kapena matenda. Ndingathandizidwe?

Mungathandizidwe ngati munena poyambirira. M'maboma a Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, kumene Asilamu ndi ambiri, nyama ya halaal sisowa, koma m'mwezi wa Ramadan malo ena satsegula masana, ndiye konzekeranitu. M'madera ena funsani amene anazinga mbuziyo, ndipo pa chiwaya onetsetsani kuti nkhumba sikazingidwa m'mafuta omwewo. A Seventh Day Adventist ndi ena amene sadya nsomba zopanda mamba afunse dzina la nsomba, chifukwa mlamba ndi kampango zikadulidwa n'kuphikidwa mumsuzi sizizindikirika msanga. Amene sadya nyama konse adziwe kuti ophika ambiri amathira msuzi wa nyama pa masamba pofuna kukomera kasitomala mtima, ndiye anene momveka kuti sakuufuna.

Odwala shuga apemphe nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, achepetse mitanda ndi kuchulukitsa masamba, ndipo mu tiyirumu anene msanga kuti asawathirire shuga, popeza malo ambiri amathiriratu masupuni angapo. A kuthamanga kwa magazi asamale ndi nsomba zouma zamchere ndi mchere wa pa chiwaya, umene mnyamata amawaza ndi dzanja lonse. Ngati mtedza umakuwengani, kumbukirani kuti mawu akuti “zotendera” akutanthauza kuti muli nsinjiro.

Ndikuyenda ndi ana aang'ono. Ndiwapatse chiyani?

Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo wa phala mumunyamulire lake m'fulasiki. Okulirapo adye nsima yotentha ndi nyemba, mazira kapena nkhuku, ndipo nsomba muyambe mwaichotsa minga. Musawagulire zotsekemera ndi zamafuta basi isananyamuke, makamaka pa misewu yokhotakhota monga ya ku Chiweta kapena yotsika ku Chikwawa, chifukwa amasanza.

Chakudya chikabwera chosalongosoka, ndinene kapena ndingosiya?

Nenani, koma mwaulemu ndiponso musanadye theka la mbale. Ife Amalawi timachita manyazi kudandaula, ndipo manyazi amenewa anandigonetsapo m'chipatala. Tsiku lina ndikuchokera kumaliro ndinaima pa tauni ina chakumadzulo, ndipo anandipatsa mpunga ndi nyama ya ng'ombe imene nditangoluma ndinamva kuti yayamba kusasa. Mayi wake anali wansangala, anali atandilandira bwino ndi kunditchula kuti mwana wake, ndiye ndinaona ngati kubweza mbaleyo kukhala kumunyoza. Ndinathira tsabola wambiri n'kumaliza. Usiku umenewo sindinagone, ndipo kutacha anandiika diripi.

Chimene ndikanachita ndi kumuitanira pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mayi, pepani, ndiwoyi ikuoneka kuti yagona, mungandisinthireko ndi mazira?” Ophika ambiri amasintha popanda mkangano, chifukwa mbiri yoipa pa tauni yaing'ono imayenda msanga kuposa basi. Kukalipira mtsikana woperekera zakudya pamaso pa anthu sikuthandiza, popeza si iye anaphika ndipo si iye mwini malo. Mukaona zoopsa zenizeni, monga nyama yowola ikugulitsidwa kapena madzi a m'ngalande akutsukira mbale, kauzeni a zaumoyo a ku khonsolo kapena mlangizi wa zaumoyo wa pachipatala chapafupi, amene ali ndi udindo woyendera malo odyera.

M'mimba mukandipotokola ndili pa ulendo, ndichite chiyani?

Choopsa pa kutsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, ndiye yambani kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa. Musasiye kudya zofewa monga phala ndi nthochi. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, mukamasanza mosalekeza, mukaona magazi, kapena wodwalayo akakhala mwana, mayi woyembekezera kapena wokalamba, dulani ulendo n'kupita kuchipatala chapafupi osadikira kuti mukafike kwanu, chifukwa kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa. Musagule maantibayotiki pa golosale mongoganizira.

Nanga ndikatuluka m'dziko muno, nsima ndikaipeza?

Mukaipeza, koma ndi mayina ena. Mukadutsa pa Mchinji kupita ku Chipata mupeza nshima ndi anthu olankhula Chinyanja, moti simudzimva kuti muli kunja. Mukaoloka Songwe kupita ku Mbeya ndi Dar es Salaam muitanitse ugali, wali ngati mukufuna mpunga, kapena chipsi mayai, tchipisi chokazingidwa pamodzi ndi mazira. Ulendo wa basi wopita ku Johannesburg, wodzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, umatenga pafupifupi masiku awiri ndipo umadutsa mayiko atatu a ndalama zosiyana. Ku Mozambique nsima ndi xima, ku Zimbabwe ndi sadza, ndipo ku South Africa ndi pap, imene kawirikawiri imakhala youma ndi yothira mchere kusiyana ndi yathu.

Pa ulendo umenewu zakudya za m'malire zimadula, ndipo osintha ndalama a pamsewu amapezerapo mwayi pa munthu wanjala amene ali ndi makwacha okha, ndiye sinthiranitu marandi ndi madola ochepa musananyamuke. Ku Tete kumatentha kwambiri, kotero kuti nkhuku yokazinga imene mwanyamula kunyumba muidye tsiku loyamba lomwelo, ndipo za tsiku lachiwiri zikhale zosaonongeka msanga monga buledi, mtedza wokazinga, mabisiketi ndi madzi okwanira. Pa Beitbridge basi imatha kuima maola ambiri pa mzere, nthawi zina usiku, ndipo amene anasungako kabotolo ka madzi ndi kathumba ka mtedza ndi amene amagawira ana a anzake pamene onse akudikira kudinditsa mapasipoti.